Kodi Mukukana Nyimbo Kapena Mukulira Chester?

Sabata ino ndalowa pang'ono m'munda wa eni ake. Tinazolowera kuunika ndakatulo ndi nkhani zazifupi, koma lero ndikufuna tikambe za nyimbo imodzi ya rock ndi mkangano umene inabutsa. Inu amene mumati nyimbo za magitala zimangosokosa ngati chigayo, musathawe. Mlandu wake ukukhudza aliyense amene amalemba, komanso aliyense amene amaweruza ntchito ya mnzake.

Bandi yake ndi Linkin Park ya ku California, ku America. Ngakhale simuyitsatira, mwina munamvapo "In the End" kapena "Numb", kapenanso ija anasakaniza ndi Jay-Z mu 2004. Okonda mpira munawaona pa 31 Meyi 2025 ku Munich, akuyimba fainolo ya Champions League isanayambe. Woyimba wawo wamkulu, Chester Bennington, anadzipha pa 20 Julayi 2017 ali ndi zaka 41, ndipo bandiyi inakhala chete zaka zisanu ndi ziwiri. Kenako pa 5 Sepitembala 2024 inabweranso ndi nyimbo yatsopano, "The Emptiness Machine". Pamalo pamene pankayima Chester panayima mayi, Emily Armstrong, wochokera ku bandi ya Dead Sara. Pa ng'oma panakhala Colin Brittain, popeza Rob Bourdon, amene anali nawo kuyambira pachiyambi, anasankha kusabwerera.

Tsiku lomwelo otsatira bandiyi anagawikana. Ena analira ndi chimwemwe, amvekere bandi yathu yauka. Ena anati iyi si Linkin Park, ndi anthu ena chabe amene avala malaya a malemu, ndipo akanachita bwino kusintha dzina. Gulu lachitatu silinalankhule n'komwe za nyimbo. Ilo linafukula mbiri ya Emily Armstrong n'kunena kuti munthu ameneyu sayenera kuyima pamalo amenewo. Mkangano unakula mpaka kulowa m'banja la malemu. Mwana wina wa Chester anadzudzula poyera Mike Shinoda, mtsogoleri wa bandiyi, ndipo mayi ake a Chester anauza magazini ya Rolling Stone kuti akumva ngati awachita chipongwe. Panthawi yomweyo nyimbo ija inkakwera ma chart: inafika pa nambala 1 ku Germany ndi pa nambala 4 ku Britain. Ndiye kuti anthu ankatukwana uku akuyimvera mobwerezabwereza.

Mukamawerenga mikangano yotere mumaona kuti anthu sakumvana, ndipo chifukwa chake n'chakuti akuyankha mafunso osiyana. Pali mafunso atatu apa. Loyamba, kodi nyimboyi ndi yabwino? Lachiwiri, kodi otsalawa ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito dzina la Linkin Park? Lachitatu, kodi khalidwe la woyimba watsopanoyu ndi lotani? Wina amati "nyimboyi ndi yoipa" pamene mumtima akuyankha funso lachiwiri. Wina amati "nyimboyi ndi ya moto" pamene akungosangalala kuti bandi yabwerera. Pempho langa kwa inu ndi lakuti tiwalekanitse mafunsowa, chifukwa munthu amene wawasakaniza amakhala kuti wasiya kumvera nyimbo, akungomvera chisoni chake kapena mkwiyo wake.

Tiyambe ndi nyimboyo, ndipo ngati mungathe yitsegulireni pamene mukuwerenga. Ndi yaifupi, mphindi zitatu ndi masekondi ochepa. Amene akuyamba kuyimba si Emily ayi, ndi Mike Shinoda. Komanso sakurapa monga tinamuzolowera, akuyimba modekha. Vesi yoyamba ndi yake, kolasi yoyamba ndi yakenso. Emily akulowa pa vesi yachiwiri, ndipo akulowa ndi mawu osalala, kenako n'kumawakhwimitsa pang'onopang'ono mpaka pa kolasi yachiwiri pamene mawu aja akung'ambika, akutuluka ngati a munthu amene mmero wauma ndi mkwiyo. Kamangidwe kameneka n'kanzeru. Akukupatsani kaye mawu amene mumawadziwa, kuti mtima ukhale m'malo, kenako n'kukusonyezani mlendo. Zili ngati mwini nyumba amene wayamba wakulonjerani yekha pakhomo asanaitane munthu amene akufuna mumudziwe. Kolasi imodzimodziyo mukuimva kawiri ndi mawu a anthu awiri, ndipo kusiyana kwake n'kumene kukupatsa nyimboyi mphamvu.

Mawu a Emily nawonso ndi ake ake. Chester anali ndi mawu opyapyala, okwera, amene ankamveka ngati a mwana wovulala ngakhale pamene akukuwa. A Emily ndi okhakhala, olemerera, ochokera pansi. Mu nyimbo iyi sakuyesera kumveka ngati Chester, ndipo pamenepo anachita bwino. Pamene zinamuvuta ndi pa nyimbo zakale. Pa shoo yoyamba ija, imene inaonetsedwa pa intaneti, panali malo amene mawu ake sanafike bwino, ndipo nyimbo zina anazisintha kiyi kuti zigwirizane ndi mmero wake. Ambiri amene anamugamula tsiku limenelo anamugamula chifukwa cha nyimbo za Chester. Koma kuyeza woyimba ndi nyimbo imene inasokedwa pa thupi la munthu wina kuli ngati kuseka munthu kuti jekete la malemu silikumukwana.

Tsono nali dandaulo langa pa nyimboyi, ndipo ndi losiyana ndi la otsutsa ambiri. Iwo akuti siyikumveka ngati Linkin Park. Ine ndikuti ikumveka ngati Linkin Park mopitirira muyezo. Vesi yodekha, kolasi yophulika, magitala odzaza, ng'oma zothamanga, mathero odukiza: zonsezi ndi zimene khutu la wotsatira wakale limayembekezera. Palibe pamene nyimboyi ikukudzidzimutsani. Mawu akenso ali chimodzimodzi. Akukamba za munthu amene wadzipereka yense ku chinthu chimene chinamulonjeza zambiri koma n'kumusiya wopanda kanthu, ndipo zithunzi zake ndi za mipeni ndi mabala, zija tazimva kambirimbiri mu nyimbo za mtundu umenewu. Chinthu chimene chikumudyacho sichikutchulidwa. N'chifukwa chake ena anati akunena makampani a nyimbo, ena intaneti, ena chibwenzi choipa, enanso chipembedzo. Mlembi aliyense pano akudziwa kuti kusiya mpata woti wowerenga adzazemo zake ndi luso, koma mpata ukakula kwambiri umasanduka ulesi. Kwa ine nyimboyi ili pamalire penipeni. Ndi yomangidwa bwino, yoyimbidwa ndi mtima wonse, koma ndi yamantha.

Mantha amenewo anachokera kuti? Apa m'pamene ndikufuna mukumbukire chaka cha 2017, chifukwa ambiri amene akufuula lero amachita ngati anachiiwala.

Mu Febuluwale 2017, Chester ali moyo, Linkin Park inatulutsa nyimbo yotchedwa "Heavy", imene anayimba ndi Kiiara. Inali nyimbo ya pop, yopanda magitala aukali, yopanda kukuwa. Inkakamba za munthu amene maganizo akumulemera, amene akulephera kutula katundu wa m'mutu mwake. Otsatira ambiri anayinyoza. Anati bandi yagulitsa mzimu wake chifukwa cha ndalama. Chimbale chake, One More Light, chitatuluka mu Meyi chaka chomwecho, chinalandira chitonzo chomwechonso ngakhale chinafika pa nambala 1 ku America. Chester zinamupweteka ndipo sanabise. Pocheza ndi atolankhani anayankha mwaukali, n'kuuza anthu kuti asiye kukakamira Hybrid Theory, chimbale chawo choyamba cha mu 2000. Mu Juni, ku phwando la nyimbo la Hellfest ku France, anthu anawakuwiza pamene ankayimba "Heavy", ndipo wina anaponya chinthu pa siteji. Patangotha mwezi umodzi Chester anamwalira.

Ndimveni bwino apa. Sindikunena kuti otsatira ndi amene anamupha. Chester ankalankhula poyera kwa zaka zambiri za matenda a maganizo, za nkhanza zimene anachitiridwa ali mwana, ndi za nkhondo yake ndi mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Imfa yotere siyikhala ndi chifukwa chimodzi, ndipo si bwino kuyisenzetsa munthu kapena gulu. Chimene ndikunena ndi ichi: atangomwalira, nyimbo zomwe zija zinayamba kumveka mosiyana. Anthu anabwerera ku "Heavy" n'kuzindikira kuti munthu uja ankanena zoona zake. Nyimbo ya "One More Light" inasanduka nyimbo ya maliro ake. Nyimbozo sizinasinthe ngakhale noti imodzi. Chinasintha ndi makutu a omvera. Mu Febuluwale ankamvera ndi funso lakuti "magitala ali kuti?", mu Ogasiti n'kumamvera ndi funso lakuti "akunena chiyani?".

Ndiye taonani zimene zachitika. Pamene Chester anali moyo n'kuyimba zatsopano, anamuuza kuti tikufuna zakale. Bandi yabwera ndi nyimbo yofanana ndi zakale, akuyiuza kuti tikufuna Chester. Ndipo si 2017 yokha. Minutes to Midnight ya mu 2007 inadandaulidwa kuti yachepetsa rap. A Thousand Suns ya mu 2010 inagawa otsatira pakati, ndipo lero ambiri amayitama. Nthawi iliyonse pamakhala gulu lonena kuti iyi si Linkin Park yeniyeni. Mukafunsitsa kuti yeniyeniyo ndi iti, mumapeza kuti ndi imene munthuyo ankamvera ali ndi zaka 15, atatseka chitseko, dziko lonse likumuipira. Chimene akufuna kuti chibwerere ndi nthawi imeneyo. Palibe bandi imene ingamubwezere, ngakhale Chester atadzuka lero.

Tifike pa funso lachiwiri, la dzina. Pali mfundo ziwiri zimene otsutsa sakonda kuzitchula. Yoyamba, bandiyi inayamba mu 1996 Chester kulibe. Inkatchedwa Xero, ndipo woyimba wake anali Mark Wakefield. Chester anabwera mu 1999, kudzalowa m'malo mwa munthu wina. N'chifukwa chake chimbale chatsopano, chimene chinatuluka pa 15 Novembala 2024, anachitcha From Zero. Yachiwiri, Chester yemweyo kuyambira 2013 mpaka 2015 anali woyimba wa Stone Temple Pilots, bandi imene ankayikonda ali mnyamata, atalowa m'malo mwa Scott Weiland. Munthu amene akumuteteza kuti malo ake asalowedwe, iye mwini analowapo malo a ena kawiri konse.

Izi sizikutanthauza kuti amene akuti dzina lisinthe alibe mfundo. Chaka cha 1980 chinaonetsa njira ziwiri. Bon Scott wa AC/DC atamwalira mu Febuluwale, anzake anatenga Brian Johnson, anasunga dzina, ndipo mu Julayi anatulutsa Back in Black, chimodzi mwa zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri ya nyimbo. Ian Curtis wa Joy Division atamwalira mu Meyi chaka chomwecho, anzake anasiya dzinalo n'kuyamba kudzitcha New Order. Njira zonse ziwiri n'zaulemu. Ife kuno sitifunika kupita kutali kuti timvetse. Evison Matafale atamwalira mu Novembala 2001, Black Missionaries sinathe. Musamude Fumulani anatsogolera, iyenso atatisiya mu 2007 Anjiru anapitiriza, ndipo zimbale za Kuimba zinapitirira kutuluka. Mpaka lero mumapeza munthu wonena kuti Ma Blacks enieni anapita ndi Matafale, pamene mnzake akuvina kutsogolo kwenikweni kwa siteji. Kwathu kuno mfumu ikamwalira dzina silikwiriridwa nayo, wina amalowa dzinalo. Wolowayo sakhala malemu uja, ndipo palibe amene amamuuza kuti aziyenda ngati malemu. Timangoona ngati akusamala mudzi.

Kwa ine, Mike Shinoda, Brad Delson, Dave Farrell ndi Joe Hahn anamanga nawo nyumba imeneyi kuyambira pa maziko. Kuwauza kuti asalowemonso chifukwa mnzawo anamwalira ndi kuwalamula kuti alire moyo wawo wonse kuti ife timve bwino. Zaka zisanu ndi ziwiri si masiku ochepa. Koma chisoni cha mayi ake a Chester ndi cha mwana wake ndi nkhani ina, ndipo sindingayerekeze kuchitsutsa. Mayi amene akuona munthu wina akuyimba nyimbo za mwana wake ali ndi ufulu wopwetekedwa. Chimene sindikugwirizana nacho ndi wotsatira amene sanakumanepo ndi Chester kubwereka misozi ya mayiwo kuti apambanire mkangano.

Funso lachitatu ndi lolemera, ndipo amene amalikankhira pambali akulakwitsa. Danny Masterson, wosewera wa mu That '70s Show, anapezeka wolakwa mu 2023 pa mlandu wogwiririra amayi awiri, ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka zosachepera 30. Emily Armstrong atangolengezedwa, zinadziwika kuti anapitako kukhoti mlanduwo uli koyambirira ngati mnzake wa Masterson. Cedric Bixler-Zavala wa bandi ya The Mars Volta ndi mmodzi mwa amene anamudzudzula poyera, n'kutchulanso za ubale wake ndi mpingo wa Scientology. Emily anayankha pa Instagram kuti anapitadi kamodzi kukathandiza munthu amene ankamuyesa mnzake, kuti pambuyo pake anazindikira kuti sanayenera kutero, ndipo kuti sagwirizana ndi nkhanza kwa amayi. Za mpingowo sanatchulepo mu uthengawo. Kwa otsatira ambiri nkhaniyi inapweteka kwambiri chifukwa Chester mwini anachitiridwapo nkhanza zogonana ali mwana, ndipo anthu ambiri amene anadutsa m'zoterezi anapeza pothawira mu nyimbo zake.

Munthu amene wasankha kusamvera Linkin Park yatsopano pa chifukwa chimenechi, ine ndimamulemekeza. Ndi chigamulo cha chikumbumtima, ndipo aliyense ali ndi chake. Chimene ndikumupempha n'chakuti anene zoona zake: "Sindikufuna kuthandiza munthu ameneyu." Asanene kuti mayiyu satha kuyimba, chifukwa limenelo ndi bodza, ndipo bodzalo limafooketsa mfundo yake yeniyeni. Komanso tisabise, pakati pa phokoso lija panali ena amene vuto lawo linali lakuti pamalopo payima mkazi basi. Amenewo anabisala kumbuyo kwa anthu amene anali ndi nkhawa zenizeni.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a zolembalemba. Taganizirani zimene timachita mnzathu amene timamudziwa ndi ndakatulo zachikondi akabwera ndi ndakatulo yandale, kapena wolemba nkhani zoseketsa akalemba yachisoni. Timathamangira kunena kuti "iyi si sitayilo yanu, bwererani ku zija". Timaganiza kuti tikumuyamikira, pamene tikumumangirira pa chikhomo ngati mbuzi. Akamvera, amayamba kulemba zofanana chaka ndi chaka, ndipo ife tomwe timayamba kunena kuti watha. "The Emptiness Machine" ndi chitsanzo cha zimene zimatuluka omvera akamukalipira waluso kwa nthawi yaitali: ntchito yaukhondo, yamphamvu, koma yoyenda mosamala ngati munthu woponda pa minga. Bandi imene inalimba mtima kutulutsa A Thousand Suns ndi "Heavy" inabwerera ndi nyimbo yopewa kukhumudwitsa aliyense. Ndikumvetsa chifukwa chake, popeza kubweretsa woyimba watsopano kunali kale kulimba mtima kokwanira. Komabe mbali ina ya mantha amenewo anawaphunzitsa ndi omvera.

Chigamulo changa ndi ichi. Monga nyimbo, "The Emptiness Machine" ndi yabwino koma si yopambana. Ntchito yake inali yotsegula chitseko ndi kulonjera mlendo, ndipo imeneyo inayigwira. Pa dzina, otsalawo ali ndi ufulu. Pa za Emily, aliyense aweruze ndi chikumbumtima chake, koma atchule mlandu ndi dzina lake lenileni.

Ndikusiyirani ntchito ya sabata ino. Mverani "Heavy" kenako "The Emptiness Machine" motsatizana. Pa iliyonse lembani ziganizo zitatu zokhudza zimene mwamva ndi khutu: mawu, kamangidwe, uthenga. Musatchule imfa ya Chester, musatchule mbiri ya Emily. Mudzaona kuti n'zovuta kuposa mmene mukuganizira. Mukatha, tengani ndakatulo ya mnzanu ija munayikana mwezi watha chifukwa sinafanane ndi zimene munamuzolowera, muyiwerengenso chimodzimodzi, mwini wake adakali moyo woti n'kumva zimene mwapezamo.